Mudzi wa achimwene unali m'kakhadi

Makina a gemu ya pa tivi aja ndinawagula ku Limbe, m'sitolo ya mmwenye wina amene ankapadziwa pakamwa panga. Ndinanenerera mpaka mkuluyo anavula magalasi n'kunena kuti, "Tengani bambo, mwanditopetsa." Ndinatuluka ndikuyenda mwamatama. Nditafika nawo kwa achimwene ku Soche, kumene makinawo ankakakhala, m'pamene ndinaona kuti padi, chogwira m'manja posewera, inali imodzi yokha, ndipo chimbale chimene mmwenye uja anandiikiramo sichinali cha mpira. Chinali cha nkhondo yomanga mudzi: umatuma anthu kudula mitengo, kulima, kuswa miyala, kenako n'kuphunzitsa asilikali, uku mdani akuchita zomwezo kwake osakudikira. Katswiri wonenerera ndinali nditagula ganyu.

Nthawi imeneyo achimwene anali atasiya ntchito ya mu ofesi ku Ginnery Corner chifukwa cha matenda. Dzanja lawo lamanja linkanjenjemera, moti kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri. Gemu yotereyi pa padi ndi chilango ngakhale kwa munthu wabwinobwino. Kamuvi kosankhira anthu umakayendetsa ndi chala chachikulu, ndipo kamapitirira pamene ukufuna. Ukamati wagwira gulu la asilikali, upeza wagwira mlimi mmodzi n'kumutumiza kunkhondo ndi khasu.

Ndiye tinagawana ntchito: iwo mutu, ine zala. Loweruka masana ndikalongedza benchi yanga ya mafoni m'tauni, ndinkakhala pansi pafupi ndi tivi, iwo pampando kumbuyo kwanga.

"Iwe, usathamangire nkhondo. Manga kaye nkhokwe."

"Achimwene, adani afika pamlatho."

"Aleke, njira akuidziwa. Nkhokwe."

"Mukufuna atiphe titakhuta?"

"Venda iwe umangodziwa zolanda. Manga."

Kumenyana sankakukonda. Ankakonda misewu yowongoka, minda mbali imodzi, nyumba za antchito mkati mwa mpanda. Munthu amene moyo wake wonse anakhala m'nyumba za lendi anali ndi mudzi wake, ndipo ankadziwa pamene chitsime chilichonse chili. Tikamaliza ankati, "Sunga," ine n'kusunga msanga m'kakhadi kobaya kutsogolo kwa makinawo, magetsi asanatichite chipongwe.

Achimwene anamwalira m'nyengo yozizira. Patapita nthawi abale tinasonkhana kugawa katundu, ogawa ali amalume. Kwathu pa mwambo umenewu suloza chinthu. Umakhala pamphasa, chimene wapatsidwa n'kulandira ndi manja awiri. Wopempha amamunena kuti maliro ankachita kuwadikira. Amalume ananyamula jekete ya malemu n'kundipatsa ine. Makina aja, padi, ndi kakhadi kali chibayire, anapatsa msuweni wathu wa ku Ndirande, poti ndiye anali ndi tivi yabwino. Alamu anga, akazi a malemuwo, anandiyang'ana. Ankadziwa amene anagula. Ine amene ndimatsitsa mtengo ngakhale wa bokosi la maliro, tsiku limenelo ndinangolandira jekete ndi manja awiri. Ndinati, "Zikomo, amalume."

Makinawo sindinkawafuna. Ndinkafuna kakhadi, ngakhale ndinalibe pokabaya. Ndinadikira kuti misozi iume m'banjamo, zisaoneke ngati ndikutsutsa amalume, kenako ndinakwera minibasi ya ku Ndirande. Njira yonse ndinkakonza mawu monga ndimachitira popita kokaoda katundu: uyambe ndi nkhani zina, chimene wabwerera usachiyang'ane n'komwe.

Msuweni anandilandira bwino. Anali atagula padi yachiwiri ndi chimbale cha mpira. Tinakamba za mvula, za ana, za alamu kuti abwerera kumudzi. Kenako ndinafunsa ngati munthu amene wangokumbukira.

"Asuweni, kakhadi kaja kakugwira ntchito?"

"Kwambiri. Kanali kodzaza ndi zinazake za nkhondo, ndinafufuta kuti ligi yanga ya mpira ikwane. Bwanji, munali zanu?"

"Ayi, ndimangofunsa."

"Ndiye khalani pansi ndikukwapuleni."

Ndinakhala. Anandipatsa padi yakale ija, mphira wake utadyeka pamene pamakhala chala. Anandichinya mmene anafunira, akuseka kuti ndimasewera ngati munthu amene akudikira kuuzidwa chochita. Nanenso ndinaseka, poti sanalakwe kanthu. Makina anali ake, anachita kupatsidwa pamaso pa abale onse.

Anandiperekeza mpaka pasiteji, nati ndizibwerabwera kuti andiphunzitse mpira. Ndinavomera. Sindinapitenso.