Machopusi a paphewa

Ndagwira ntchito m'bucha ina m'tauni muno mu Kabwe zaka zambiri, mpaka mpeni unandizolowera. Ng'ombe ndimadula, mbuzi ndimadula, koma chimene ndimanyadira ndi machopusi a nkhosa yaing'ono. Munthu asandiuze kuti nyama ndi nyama basi, tikhoza kuyambana. A m'nthiti ndi ang'onoang'ono, ali ndi kafupa kogwirira, ndipo amangofuna makala ofiira, mchere, kutembenuza kamodzi n'kuphula. A pamsana ndi onona, umayamba wawaimika cham'mbali kuti mafuta asungunuke. A paphewa anthu amawanyoza chifukwa cha mitsempha, koma ukawalezera mtima ndi amene amakoma kuposa onse.

Anthu amachokera ku Nakoli ndi ku Kamushanga kudzandifunsa zimenezi. Amayi anga okha, ku Chililalila, anali asanalaweko machopusi anga. Iwo ndi mwana wa munthu amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito mumgodi, ndipo anakulira m'tchalitchi cha Katolika, Misa osajomba. Tsiku loyamba kuwabweretsera ndinadziwonongera ndekha ndi pakamwa panga. Ndinanena mwamatama kuti, "Amayi, lero mudya mwanawankhosa."

Anakankha mbale. "Amene ndimamugwadira m'tchalitchi uja? Iwe, chotsa apa."

Ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma, koma ayi ndithu. Zinkandipweteka, ngakhale ndinkaseka nawo abale anga akamandinyogodola.

Chaka chatha amayi anadwala, ndipo atatuluka m'chipatala chakudya chinawakanika. Phala ankangolawa. Nkhuku, kapenta, nkhwani wotendera, zonse zinkabwerera m'mbale momwemo. Namwino anatiuza mosabisa kuti akapanda kudya, abwereranso pabedi lomwe lija. Ndinachita mantha.

Loweruka lina ndinasankha a paphewa anayi, okhuthala bwino, chifukwa mano a amayi atsala owerengeka ndipo zowotcha sakanazitha. Ndinawakazinga pambaula mpaka atafiira, n'kuthira anyezi, tomato ndi madzi pang'ono. Kenako ndinachepetsa makala, kuvundikira poto, n'kukhala pansi. Patatha maola awiri nyama inayamba kusiya fupa yokha.

Mlongo wanga wamkulu, amene ankawasamalira, anandinong'oneza kuti, "Ingowauza kuti ndi mbuzi." Ndinakana. Ndili ndi zofooka zambiri, koma kunamiza mayi wanga pa chinthu cholowa m'kamwa mwawo sindingathe.

Tikukanganabe, amayi anatulukira pakhomo atagwira khoma, fungo litawadzutsa. Tinawakhazika pampando.

"Ukuphika chiyani, mwana iwe?"

"Chimene mumakana chija, amayi."

Anayang'anitsitsa poto uja. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza zoti ndiwapangire tiyi.

"Kodi Abemba anzako a kubucha aja nyama imeneyi amaitchula chiyani?" anandifunsa.

"Amati impanga."

Chibemba amayi amachidziwa kuposa ine, anabadwira momwe muno, ndipo mawuwo sanali achilendo kwa iwo. Mlongo wanga anatsegula pakamwa kuti anene zimenezo, ine n'kumuponda chala.

"Impanga," amayi anabwereza pang'onopang'ono. "Ine Mulungu wanga ndimalankhula naye m'Chinyanja. Impanga ameneyo sitinaonanepo. Vundula nshima yofewa, ndipo undibweretsere madzi ndisambe m'manja."