Tsiku limene Scholastica anasala kudya ku Geneva

Scholastica amachita lendi chipinda chimodzi ku Mulhuddart, ndipo amagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba ku Blanchardstown. Amawasambitsa, kuwatembenuza, kuwasintha zovala. Sadandaula komanso sayamikira. Ukamufunsa za ntchito amangoti, "Ilipo."

Anachoka ku Machinjiri mwana wake Tiza ali mu sitandade 2. Anamusiya m'manja mwa mkulu wake, n'kulonjeza kuti akamuitanitsa mapepala akangotuluka. Mapepala anatuluka Tiza atamaliza kale koleji. Mwanayo anakulira pa foni. Mano anaguluka pa foni, anatha msinkhu pa foni, ntchito anaipezanso pa foni.

Chaka chatha bungwe la zaumoyo lomwe Tiza amagwirako ntchito ku Lilongwe linamutenga kupita kumsonkhano ku Geneva, kukathandiza abwana ake kulemba zokambirana. Abale onse anati basi zatheka. Ulaya ndi Ulaya, mwana akangotsika ndege akwera basi kukaona mayi ake. Scholastica mpaka anagula pilo wachiwiri. Kenako Tiza anauzidwa kuti viza yake ikulowa maiko ambiri koma ku Ireland ayi, ndipo nthawi yopempha ina inali itatha.

Ndiye woyenda anali mayi. Pasipoti ya ku Ireland anali nayo tsopano, koma ndalama zinali zija anangoyamba kumene kusungira ulendo wa kumudzi. Tikiti ya ndege ndi bedi m'chipinda chogona anthu ambiri zinadya pafupifupi zonse. Carol, mnzake wa kuntchito yemwe anafikako, anamuchenjeza.

"Scho, kumene kuja ngakhale toilet umalipira. Nyamula lunch yako, usakachite manyazi."

Anakazinga nkhuku, anaphika mpunga wa Kilombero womwe ankausunga chilandirireni pa Khirisimasi, anakazinganso mandasi. Sankafuna zambiri. Ankangofuna kukhala pansi ndi mwana wake, awiriwiri, amuone akudya chakudya chophika iye.

Anafika Lachitatu m'mawa. Mzindawo unali waukhondo ngati chipatala. Pakati pa nyanja panali madzi othovokera kumwamba, anthu ali kalikiliki kuwajambula. Iye anawayang'ana kamodzi. Ataona mtengo wa khofi pa windo lina sanayandikirenso khomo lililonse. Madzi ankamwa pa mpopi wa mumsewu. Anapeza benchi m'mbali mwa nyanja, anaika chikwama pamiyendo, n'kuyamba kudikira.

"Mami, tikadali mkati," unabwera uthenga. Kenako wina: "Abwana akuti ndisachoke." Masana Scholastica anayenda wapansi mpaka pageti la kumsonkhanoko. Mlonda analankhula Chifalansa n'kuloza pachifuwa pake, pomwe pankafunika baji. Anabwerera pa benchi paja. Lachitatu linatha choncho, ndipo chakudya chinagona mu filiji ya kumalo ogona.

Lachinayi linali lomaliza, chifukwa ndege yake inali ya madzulo. Nthawi ya nkhomaliro anaona mtsikana wamtali akubwera mothamanga, nsapato zikugogoda. Tiza anamugwira dzanja atapinda maondo ngati akulonjera mlendo, kenako anakumbatirana, chikwama chili pakati pawo. Asanalankhule kalikonse, kumbuyo kunatulukira bambo wa suti, wadazi, akuseka.

"Awa ndiye mayi a ku Ireland aja! Ine ndine Fredson, abwana ake a mwanayu. Lero ndiye tidya za ma yuro, eti Tiza?"

Anawatsogolera ku lesitilanti ya m'mphepete mwa madzi, ya nsalu zoyera pa matebulo. Scholastica ankaudziwa mwambo wake: wokhala kunja ndiye amalipira. Anafuna kunena kuti chakudya chilipo kale, tikhale pa benchi. Koma Tiza ankamuyang'ana monyadira, ndipo sukanatulutsa nkhuku ya dzulo m'chikwama pamaso pa abwana a mwana wako.

Scholastica anatsegula menyu. Mbale imodzi ya tinsomba ta m'nyanjamo inali yokwana chakudya chake cha sabata yonse ku Dublin. Khadi lake la kubanki mwina likanapirira mbale ziwiri, yachitatu ayi. Woperekera zakudya anaima pambali pake.

"Ine madzi okha," anatero Scholastica. "Ndikusala."

"Kusala? Lero?" anafunsa a Fredson. "Lenti inatha kalekale, mayi."

"Ndinalonjeza Mulungu kuti tsiku lomwe ndidzamuone mwanayu sindidzadya."

A Fredson anavula magalasi. "Tiza, uli ndi mayi iwe. Mayi, ndiye mutipempherere ndinu."

Scholastica anapempherera chakudya cha ena. Kenako a Fredson analankhula osapuma. Anafunsa mitengo ya magalimoto ku Ireland. Anafunsa ngati kumazizira kuposa ku Dedza. Anati ali ndi mphwawo wamphamvu, wa ulemu, kodi sangamupezere malo kwa okalambako? Scholastica ankayankha zonse, maso ali pa mbale ya Tiza. Mwanayo ankapatula anyezi n'kumuika m'mbali mwa mbale. Mayi ake sankadziwa kuti sadya anyezi. Mu mpunga uja munali anyezi wambiri.

Bilu itabwera, Scholastica anayamba kupisa m'chikwama. A Fredson anatulutsa khadi osayang'ana n'komwe pepalalo.

"Aaa mayi, ndimangocheza ine! Izi ndi za bungwe. Mukanapanda kusala mukanadya mpaka ayisikilimu." Anayang'ana wotchi. "Tiza, aperekeze pang'ono mayi, koma usachedwe. Tikuyambanso posachedwa."

Anayenda awiri mpaka pokwerera sitima ya mumsewu. Scholastica anatsegula chikwama.

"Ndinakuphikira. Idyako ngakhale ntchafu yokha."

"Mami, ndakhuta. Ndipo kuja salola kulowa ndi zakudya." Tiza anayang'ana kontena ya chakudyayo. "Komanso ndidye kawiri pamaso panu inu muli ndi njala?"

Apa ndi pomwe Scholastica akanaulula kuti kusalako linali bodza, kuti anangoopa bilu. Anatsegula pakamwa. Koma Tiza anali atayamba kulira, akupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja kuti isadetse bulauzi.

"Ndinkaona ngati munandiiwala, mumangotumiza ndalama basi. Palibe munthu anandisalirapo kudya chibadwire."

Scholastica anatseka pakamwa, anatsekanso chikwama.

"Mumasula nthawi yanji?" anafunsa Tiza.

"Dzuwa likalowa."

"Ndiye inenso sindilawa kanthu mpaka nthawi imeneyo."

Foni ya Tiza inalira. Anayang'ana dzina, n'kuti, "Abwana." Anamukumbatira mayi ake mwachangu, anawoloka msewu, anatembenuka kamodzi kukweza dzanja, n'kukhota pa kona.

Scholastica anakhala pansi. Chidyereni mandasi awiri dzulo lake anali asanalawe kanthu. Chakudya chinali pamiyendo pake pomwepo, ndipo mumzinda monsemo munalibe womudziwa woti n'kumuona akudya. Sanachikhudze. Mwana anali atakhulupirira, ndipo kwinakwake m'chinyumba cha msonkhano chija nayenso ankadikira. Unali mwezi wa Juni, ndipo dzuwa la kumeneko limachedwa kulowa.