Mizu ya Njala ku Chowe

Senderani kuno, anzanga, mawu anga masiku ano safika patali.

Ndikukumbukira munda umene ababa anapatsidwa ku Chowe. Iwo anali mkamwini wochokera kunyanja ku Nkope, ndiye amalume, alongo awo a amayi, anawalozera kumtunda, pamchenga wotopa pamene ngakhale nsawawa zinkamera mwamanyazi. Anawauza poyera kuti nkhokwe ikapandanso kudzaza chaka chimenecho, apinde mphasa yawo azipita.

Mvula inagwa bwino ndithu. Koma chimanga chinalekera m'chiuno mwanga, ine kamwana, masamba ali chikasu. M'mizere munadzaza timaluwa tofiira. Ndinkatithyola n'kutisomeka m'tsitsi, kumayenda monyang'wa ngati mkwatibwi, osadziwa kuti ndavala chimene chikutipha. Ameneyo anali kaufiti.

Amalume atabwera kudzayendera munda, anaima pamalire n'kunena kuti, "Alamu, khasu si nkhafi. Kumtunda kuno kwakukanani."

Ababa anagwada n'kuyamba kufukula phata limodzi la chimanga ndi zala, pang'onopang'ono kuti muzu usaduke. Dothi linkanunkha ngati phulusa lozizira. Mkono unalowa mpaka m'chigongono, muzu ukupitabe pansi, woonda ngati ulusi wa ukonde. Kenako anazula china chobiriwira cha pachulu. Mizu yake inali yaifupi, yonenepa, yothithikana ngati ndevu.

"Taonani, alamu," anatero ababa. "Chokhutachi mizu yake ili pakhomo. Chanjalachi chasiya kukula kumwamba, mphamvu zonse chatumiza pansi kukasaka chakudya. Si ulesi ayi."

Pamuzu woondawo panali kaufiti, atakakamira ngati nkhupakupa.

Amalume anayang'ana kwa nthawi, kenako anati, "Ndaona. Nanga ana a mlongo wangawa adya mizu?"

Zokolola za chaka chimenecho amayi anazisenza ulendo umodzi. Ababa anapinda mphasa. Ndinawatsatira mpaka pamsewu, iwo n'kundibweza ndi dzanja osacheuka.

Ndili kale ndi zidzukulu m'pamene alangizi anatiuza kuti muzu wanjala umatulutsa timadzi m'dothi poitana thandizo, ndipo timadzi tomweto n'timene timadzutsa njere za kaufiti. Ndinaseka mpaka misozi, anzanga n'kumadabwa. Kani kulira kwako komwe n'kumene kumaitana wokudya.

Ababa anabwerera kukapalasa bwato ku Nkope, anamwalira tisanaonanenso. Amayi anakwatiwanso, ndipo munda womwewo unapirikitsanso mwamuna wachiwiriyo. Amalume anakalamba akudya kwa ife, ndinawaika ndi manja angawa.

Kale mkamwini ankachita kuthamangitsidwa. Lero amathawa yekha. Ana anga onse ali ku Joni, kusaka, ndipo akamaimba foni mawu awo amamveka owonda. Ine ndatsala pamtunda pomwe paja, masamba ali chikasu. Chaka chino timaluwa tofiira tija tafika mpaka pachulu.