Ndinamukumbitsa Dzenje Ali pa Swaumu

Inu owerenga, ine ndine mphunzitsi, ndipo mkwiyo wanga unachotsa mwana pasukulu. Ndikunena poyera kuti anzanga ogwira choko musagwe m'mbuna yomweyi.

Ndine mayi wa ku Ntchisi, wokulira m'tchalitchi. Boma linanditumiza kusukulu ina ya m'mbali mwa nyanja ku Salima, kuseri kwa Khombedza, ndipo anandipatsa Sitandade 7. Abale, kalasi imeneyo! Ana thithithi mpaka pakhomo, anyamata ena mawu atayamba kale kukula. Mtsogoleri wa phokoso anali Yusufu, mwana wa msodzi, wokhala kumbuyo kwenikweni. Ndikatembenukira kubolodi, iye ankayeserera kayankhulidwe kanga, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Chopweteka n'chakuti masamu ankakhoza kuposa onse.

Kukwapula kunaletsedwa, choncho chida changa chinali chibalo. Wolakwa ndinkamupatsa khasu.

Tsiku lina m'mwezi wa Ramazani, ndili pakati pophunzitsa, Yusufu anasuzumira pawindo n'kulavula. Posakhalitsa analavulanso. Kwathu, mwana kulavula wamkulu akuyankhula ndi chipongwe chosaneneka. Mtima unandiwira, ndipo ndinamulamula kuti akakumbe dzenje la zinyalala kuseri kwa kalasi, lofika m'chiuno mwake, asanapite kwawo. Mtsikana wina, Mariamu, anaimika dzanja.

"Madamu, ameneyu ali pa swaumu. Sanadye, sanamwe."

Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, apo ayi nayenso atenga khasu. Ndinkadziwa kuti Asilamu akusala, koma ndinkayesa amasala ndi akuluakulu okha. Sindinkadziwa kuti mnyamata wa msinkhu umenewo amayamba kusala ngati bambo ake, ndiponso kuti ambiri kuno amalavula poopa kuti kumeza malovu kungawononge swaumu yawo. Kufunsa sindinafunse. Mumtima ndinkangoti lero ndamupezeketsa.

Dzuwa la ku Salima mukulidziwa. Yusufu anavula malaya n'kuyamba kukumba, osadandaula. Ine ndinaphunzitsa mosangalala, poti kalasi inali zii. Kenako phokoso la khasu linaleka. Ndinatuluka ndili wokonzeka kukalipa, koma ndinamupeza atagwa chafufumimba m'dzenjemo, milomo itauma gwa. Mayo ine! Tinathamanga naye pa kabaza kupita kuchipatala, ndipo Mulungu anatichitira chifundo, anatsitsimuka.

M'mawa mwake kunabwera bambo ake atavala mkanjo. Ndinkayembekezera kutukwanidwa, mwinanso kukanandipepukira. Iwo anangoima m'mphepete mwa dzenje lija n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, tinakupatsani mwana kuti mumuphunzitse, osati kuti adzikumbire manda."

Ndinagwada n'kupepesa. Ndinapita mpaka kunyumba kwawo pamodzi ndi ahedi, koma bambowo anati mwana wawo sadzapondanso pasukulupo. Yusufu mwiniwake sanandiyang'ane n'komwe. Usodzi utatsegulidwa pachilumba cha Mbenji, anapita ndi amalume ake kukakoka makoka, anzake akukonzekera mayeso.

Chaka chotsatira mwera unawomba mwaukali, ndipo bwato lawo linagubuduzika. Akuluakulu anapulumuka pogwirira bwatolo. Anthu anamusaka Yusufu mpaka kutopa, koma thupi lake silinapezeke. Kumaliro ndinapita nditafunda chitenje kumutu, ndipo palibe anandiloza chala. Mayi ake anandiyalira mphasa. Mphasa imeneyo imandiwawa mpaka lero, chifukwa ndikudziwa kuti pakanapanda khasu langa, tsiku limenelo mwanayo akanakhala m'kalasi.

Aphunzitsi anzanga, ana a msinkhu uwu amatopetsa, sindikukana. Amayesa dala kuti aone pamene mtima wako uthera. Koma mukafika kudera lachilendo, funsani miyambo ya eni ake musanatanthauzire chilichonse kuti ndi mwano. Mwana akaimika dzanja kuti akuuzeni kanthu, mumvereni, ngakhale mutapsa mtima bwanji. Ndipo chilango musachipereke magazi akuwira. Dikirani belu lilire, mumuitane pambali, mumufunse.

Ine ndikadali pasukulu yomweyo. Ahedi anafuna kutuma ana kuti akwirire dzenje lija, koma ndinawapempha kuti alisiye. Ndimalidutsa m'mawa uliwonse popita kukalasi. Yusufu alibe manda oti mayi ake akalirepo, ndipo chokhacho chimene anasiya pamtunda ndi dzenje limene ndinamukumbitsa ine.