Kapaipi ka m'mphuno mwa amuna anga

Amuna anga anayamba ndi kuiwala mayina a ana, kenako njira ya kudooko, kenako ine. Chomaliza kuiwala chinali kumeza. Ndikawapatsa phala ankalisunga m'tsaya, ndipo akati ameze ankatsamwa mpaka maso kufiira.

Chifuwa chitawagwira, thupi n'kutentha, mlongo wawo wamkulu anabwera kuchokera ku Msumba. Alamu angawo anati tipite nawo kuchipatala chachikulu kumtunda. Kwathu kuno matenda a mwamuna amalamula ndi abale ake, mkazi ntchito yake ndi kusambitsa ndi kudyetsa. Sindinatsutse. Tinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, mutu wa amuna anga uli pamiyendo panga.

Kumeneko anawalowetsa kapaipi m'mphuno kofika m'mimba. Anamwino ankakatcha sonda. Phala losefa ankalikankhiramo ndi jekeseni wamkulu wopanda singano. Alamu anakondwa, anati tsopano mlongo wawo akudya. Ine ndinkaona milomo ikuuma ndi kung'ambika, munthu osalawa kanthu.

Amuna anga anali msodzi, ndipo chilichonse chonga chingwe manja awo ankachikoka. Anazula kapaipiko, magazi n'kutuluka m'mphuno. Anamwino anakabwezera, iwo anazulanso. Pamenepo anawamanga manja kubedi ndi nsanza za kapulana, chitenje changa. Anasiya kubuula. Ankangoyang'ana khoma, zala zikufufuza mfundo.

Dokotala wa kumeneko anali mtsikana wofatsa, wakutali, wolankhula Chipwitikizi. Anatiitanira pakhonde ine ndi alamu, namwino akumasulira. Anati kapaipi sikachiza matenda oiwalawa, ndipo munthu akafika pamenepa kawirikawiri sikawonjezera masiku. Ngakhale kalipo, chakudya chimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo. Anati tingathe kukachotsa, tizikawadyetsa ndi supuni pang'onopang'ono zimene angalandire. Atatha anatembenukira kwa ine, poti ndine mkazi wawo, nafunsa chimene ndikufuna. Sanadziwe kuti kwathu funso limenelo si langa.

Ndinayang'ana alamu. Iwo anayang'ana pansi.

"Yankhanitu, mlamu," anatero. "Akufunsa inu."

Ndinamva bwino kuti akundichenjeza. Koma pa zenera ndinkaona manja omangidwa aja, dzanja limodzi litatupa. Ndinati akachotse.

Anakachotsa, n'kutilola kupita ndi wodwala kwathu. Ulendo wonse wobwerera alamu sanandilankhule. Kunyumba ndinkaphika msuzi wa usipa, n'kuika pansonga ya supuni. Tsiku lina amuna anga ankanyambita, tsiku lina ankaluma mano. Ndinkawanyowetsa milomo ndi kansalu. Alamu ankakhala pamphasa pafupi ndi khomo, ndipo mbale ikamatuluka ankaisuzumira kuti aone zotsala. Anthu obwera kudzazonda matenda ankayamba akhala ndi iwo kaye, akalowa m'nyumba moni wawo kwa ine unali waufupi.

Amuna anga anamwalira mvula isanagwe, m'mawa, ndikuwapukuta kumaso.

Pamaliro palibe ananena kanthu mokweza. Mwezi utatha ndinanyamula ufa wa chinangwa kupita nawo kwa alamu. Anandilandira bwino, anandiyalira mphasa, koma potsanzikana anandisenzetsanso dengu langa losavundukula. Adzukulu awo, amene ankadya kwanga tsiku lililonse, tsopano amazungulira kuseri kwa mpanda.

Sabata yatha malume awo a malemu anatuma mawu. Abale onse adzakumana anthu akatha kukolola, ndipo ine ndikakhalepo. Akuti akufuna amve pakamwa panga amene anandipatsa mphamvu yoletsa munthu wawo chakudya.