Kalata Yoitana a Chulu ku Ntchito

Ndikakumbukira a Chulu, ndimamva fungo la polishi wa nsapato losakanikirana ndi utsi wa nkhuni za mopane. M'mawa uliwonse ankakhala pachitsa kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu, nkumapukuta majombo awo a kumigodi mpaka awale, pamene akazi awo, amake Joisi, ankasesa pabwalo.

Anabwerera kwathu ku Nsefu atawachotsa ntchito ku Kitwe, nthawi imene migodi inkachepetsa anthu. Sanali okha. Mudzi unadzaza ndi ana olankhula Chibemba, minda inagawidwa mpaka kutsala tizigamba, ndipo mtengo wa sopo unkakwera usanamalize kusamba. Koma a Chulu khasu ankaligwira ngati la mwini. "Ine ndine munthu wa makina," ankatero, "pano ndili pa tchuthi chabe."

Ine ndinali giredi 10, mutu wodzaza Chingelezi ndi usatana. Ndinang'amba pepala pakati pa kope, nkulemba kalata yochokera ku loji ina ya ku Mfuwe yoti akufuna katswiri wa injini ya magetsi, afike Lolemba 8 koloko. Chidindo ndinachisema pa patapata wakale. Ndisaname, kalata ija inali yokongola, ndipo mpaka lero kamtima kena kamainyadira.

Kalatayo itawafika a Chulu, anaiwerenga nkufuula, "Amake Joisi, sitani shati! Ndinakuuzani kuti dzina langa likudziwika!"

"Nanga ntchito ya chimanga ija, alemba maina Lolemba lomwelo?" anafunsa mkaziyo.

Chaka chimenecho mvula inakana, ndipo okonza msewu ankalipidwa chimanga chachikasu.

"Zimenezo nza anthu osaphunzira ntchito," anayankha.

Njinga anali atagulitsa kale, choncho anapita wapansi, tayi pakhosi, dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati ng'anjo. Ine ndi anzanga tinabisala m'tchire, kuseka mpaka m'mimba kupweteka.

Anabwerera madzulo majombo ali m'manja, mapazi atatuluka matuza. Maina a pamsewu anali atatsekedwa. Sabata imeneyo ndi yotsatira yake, kwa a Chulu kunkanunkha mango aawisi ophika, ndipo kamwana kawo kotsiriza kankaima pakhomo pathu nthawi ya chakudya, osapempha, kungoyang'ana.

Tsiku lina anandiitana. Ndinapita ndikudziwa kuti bambo akamva, chikoti chithera pa ine.

"Mwaswera bwanji, atate?"

"Khala apa, Lameki." Anandipatsa pepala ndi cholembera. "Kalaliki wa kuloji anati amene analemba kalata yabodza ija Chingelezi amachidziwa. Tsopano lemba ina, yochoka kwa ine kupita kwa iwo. Chidindo usaike."

Sanakweze mawu, sanandiyang'ane nkomwe. Ndinalemba iwo akutchula zaka zawo zonse za pansi pa nthaka ndi makina onse amene anawagwirapo, mmodzimmodzi, ngati akutchula ana awo. Makalata otere tinalemba ambiri. Palibe inayankhidwa. Mvula itabwera anadzala thonje ngati wina aliyense, ndipo kwa makolo anga sananene kanthu mpaka anamwalira.

Nkhaniyi ndimaikambabe tikakhala ndi anzanga ku Jumbe, ndipo anthu amaseka mpaka kugwetsa misozi ndikafika pa chidindo cha patapata ndi tayi padzuwa. Inenso ndimaseka, nkuthera pomwepo. Za kamwana kaja koima pakhomo pathu sindinauzepo munthu, ndayamba ndi inu.