Tizilombo ta Nachisankho Tanyanyala

Mwana wa mlongo wanga tinamutcha Nachisankho asanamere mano onse. Ukamupatsa mbale, ankayamba ndi nyama, kenako n'kupinda manja, n'kumayang'ana masamba ngati amutukwana. Ankatupa masaya mpaka ntchentche zinkapumirapo. Pakatha ola, njala ikamukwapula, ankadya masamba aja n'kunyambita mbale mpaka maluwa ojambulapo kufufutika.

Lero ndi mayi wamkulu, amavala chikhoti choyera ku labotale, ndipo ntchito yake n'kuweta mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso. Anzake akuweta nkhuku, iye akuweta msuzi wa m'botolo.

Ali pa miyezi itatu yoyesedwa ntchito, tsiku lina anapatsa tizilombo take shuga wamitundu iwiri: gulukozi, wosavuta kudya, ndi shuga wa mumkaka. Tinaswana m'mawa wonse, msuzi n'kumachita mbuu. Itakwana leveni koloko, zii. Makina oyezera kuchuluka kwa tizilomboto ankangobwereza nambala imodzimodzi.

Abwana ake, odziwa mafayilo kuposa mabotolo, amene anaseka komaliza ali khanda, anasuzumira.

"Tizilomboti mwatipha, mayi. Sabata yatha munaswa botolo, lero izi. Katayeni, ndipo Lachisanu tikambirane za ntchito yanu."

"Sitinafe, bwana. Tanyanyala."

"Tatani?"

"Tamaliza nyama, tsopano tikuyang'ana masamba. Ndipatseni ola limodzi."

Nachisankho anandifotokozera pambuyo pake kuti kachilombo kalikonse kali ndi buku la malangizo, limene asayansi amalitcha majini. Gulukozi akadalipo, tsamba lonena za kagayidwe ka shuga wa mumkaka kamalitseka n'kukhalirapo. Gulukozi akatha, njala imaliza belu m'kati, ndiye kamatsegula tsambalo, n'kukopera malangizo, n'kusula zida zogayira. Kukoperako n'kumene kumadya nthawi.

Abwana anakoka mpando, wotchi m'manja. Nachisankho anatuluka thukuta lodzaza ndowa ziwiri. Amayi okolopa anandiuza okha, ndipo akuti mopu inaguga tsiku lomwelo. Patatha mphindi makumi anayi, nambala ija inasuntha. Kenako inayamba kukwera ngati ikuthamangitsidwa ndi galu.

"Zimenezi munaziphunzira kuti?" anafunsa abwana.

"Kusukulu, bwana. Komanso ineyo ndinakhalapo kachilombo."

Lachisanu anamulemba ntchito.

Lamlungu Nachisankho anabwera kwathu kudzadya. Anamaliza nyama, n'kupinda manja. Ine ndinangoti nditsegule pakamwa.

"Amalume, musayambe," anatero. "Ndikukopera malangizo."